Ndawotcha Buku la Alamu Ako

Unit D, Seke
Chitungwiza
19 Okutobala 2008

Wokondedwa mng'ono wanga Sofia,

Ndiyambe ndi moni, kwa iwe ndi onse pakhomopo. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Msana uja unkadandaula m'kalata yako ya mu Meyi unaleka, kapena ukulimabe nawo mwaliuma monga mwa khalidwe lako? Ndikudziwa kuti kuchipatala sunapite, usandinamize. Ine kuno ndilipo. Mwendo wamanzere ndiwo umatupa dzuwa likatentha, koma ndikuyenda.

Kalatayi ndapatsira a Morris, oyendetsa thiraki aja amadzera pa Nyamapanda ndi ku Tete. Ati adzaisiya pa golosale ya pamsewu ija monga anachitira ulendo watha. Ku positi sindikuyesako n'komwe, ingakupeze mvula itatha.

Za kuno wamva kale pa wailesi, ndipo sakunama. M'mashopu mwangotsala mashelefu. Madzi pampopi anatuluka komaliza mu Ogasiti, timatunga pachitsime chimene anthu anakumba kuseri kwa tchalitchi, ndipo kolera watenga kale anthu angapo m'dera lino. Usadere nkhawa, ine ndimawiritsa. Anthu ambiri akukhalira maula, kuno amati chakata, zipatso zija ife tinkangoziponda popita kudambo.

Ana anga onse awiri ali kunja. Nigel akadali ku Polokwane, amatumiza ufa ndi mafuta pa basi akapeza wodalirika. Sekai amaimba foni kuchokera ku Leeds Lamlungu, netiweki ikalola. Choncho njala yeniyeni sindinaione. Chimene chikundidya ine ndi nyumbayi, yangoti zii. Anzanga a kutchalitchi theka anatsatira ana awo kunja, ena tinawaika m'manda. Chichokereni alamu ako ndimatha sabata yathunthu osayankhula Chichewa ndi munthu, mpaka nthawi zina ndimadzifunsa ndekha mokweza kuti machesi ndaika pati, n'kudziyankhanso ndekha, kuti lilime lisachite dzimbiri.

Koma chimene ndagwirira cholembera si maula ayi. Sofia, ndachita chinthu chimene chikundisowetsa mtendere. Ndawotcha buku la alamu ako, lotsiriza, limene analemba ali chigonere, ndipo linalipo limodzi lokhalo. Ndinaliwotcha ndekha, dzuwa likuswa mtengo, ndili ndi nzeru zanga zonse. Pali njira imodzi yokha yoti libwerere, ndipo yadzera mwa iwe. Undilole ndiyambire pachiyambi, kuti ukamandikalipira udziwe chimene ukukalipira.

Alamu ako a Hezekiah iwe unawaona kamodzi kokha, ulendo uja unabwera ndi mayi mu 1986, ndipo unandinong'oneza kuti ndakwatiwa ndi munthu wa zala zothimbirira ngati wokonza njinga. Inali inki imeneyo. Ntchito yawo inali yophunzitsa pa pulayimale ku Unit C, koma chimene anthu amawadziwira kuno ndi timabuku ta ana timene ankalemba ndi kujambula okha. Tonse tinali ta bakha mmodzi womanga mpango wofiira m'khosi, amene amayendayenda m'Chitungwiza muno kufunafuna dziwe losambamo, osalipeza. Lero ali pamsika wa Makoni, mawa wakwera kombi, minibasi ya kuno, mkuja walowa m'kalasi. Bakha m'Chishona amati dhadha, ndiye ana onse ankawatchula alamu akowo Sekuru Dhadha, kutanthauza Agogo Bakha. Ngakhale anthu a ndevu zawo, amene anawerenga timabukuto ali ana, ankaimitsa galimoto kuti awapatse moni. Pa maliro awo chaka chatha ndinaona makondakitala a kombi, anthu amwano aja, akulira ngati afedwa bambo wawo.

Timabuku tonseto tinali m'Chishona ndi m'Chingerezi. M'Chichewa munalibe ngakhale kamodzi, poti osindikiza ankati agula ndani. Izi zinkawapweteka, ngakhale sankanena kawirikawiri. Paja iwo anabadwira pa famu ya fodya konkuno, bambo awo ndiwo anachokera ku Dedza, ndipo mpaka kulowa m'manda ku Malawi sanapondeko. Za pasipoti zinawakanika, kuno ankati ndi mlendo, uko analibe pepala losonyeza kuti ndi wakumeneko. Malawi yense amene ankamudziwa anali wa m'kamwa mwanga.

Ndiye mafunso ake, mayi wanga ine. Ndikamasita, ndikamasenda mtedza, iwo ali pambali ndi pensulo, kufunsa kuti kuchoka pakhomo pa mayi kupita kumtsinje umayamba wadutsa chiyani, phiri limakhala kudzanja liti, mwala wochapirapo ndi waukulu bwanji. Ine ndinkayankha mwaulesi, ndipo tsiku lina ndinawakalipira kuti ngati akufunitsitsa kudziwa akwere basi akaone okha. Kunena choncho kwa munthu wopanda pasipoti. Anangoseka n'kusongola pensulo yawo, koma mawu amenewo pano amandibaya.

Atadwala, miyezi itatu yotsiriza ija, anali ndi kope la chikuto cholimba limene ankalembamo atatsamira pilo. Ndikalowa ndi phala ankalitseka msanga n'kulilowetsa pansi pa bulangete. Ine ndinati ndi za bakha zomwezo, sindinafunse. Atamwalira ndinalifunafuna pang'ono osalipeza, ndipo ndi chipwirikiti cha maliro ndinaliiwala.

Tsopano pali mwana wina amene iwo anamuphunzitsa, dzina lake Cyprian. Ndikuti mwana, koma ndi bambo wa ana atatu, wadazi kale. Agogo ake anali a ku Angonia, Chichewa amamva koma akati ayankhe chimatuluka ndi Chishona. Amagwira ntchito yoyeza malo ku Harare, ndipo ankabwera kudzazonda aphunzitsi ake Loweruka lililonse. Kumayambiriro kwa mwezi watha anandipeza, nati iye ndi anzake akukonza tsiku lokumbukira Sekuru Dhadha poti chaka chakwana, ndipo ine ndidzakhale mlendo wolemekezeka. Nditafunsa kuti kudzachitika zotani, anangoseka, nati ndidzaonera konko. Akanangondiuza tsiku limenelo, bwenzi kalatayi ili ya maula okhaokha.

Uyeneranso kudziwa mmene mtima wanga unalili. Chimwalirireni alamu ako pakhala anthu oiyang'ana nyumba ino. Wina anabwera kawiri, wovala bwino ndithu, kudzandiuza kuti mayi wokalamba wa ku Nyasarande akhaliranji yekha m'nyumba ya zipinda zinayi, bwanji osagulitsa n'kubwerera kwawo. Ulendo wachiwiriwo ndinamuperekeza ndi tsache. Nthawi ya zisankho mu Juni kunkayenda magulu ndi makope kulemba manambala a nyumba, ndipo ife obwera tinkangokhala mitima ili m'mwamba. Mwendo uwu unayamba kutupa nthawi yomweyo. Munthu ukakhala wekha, zinthu zitatu zotere umazimanga mtolo umodzi.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti tsiku lija lifike, ndinapita kuchitsime m'mawa, ndipo mzere unali wautali moti ndinabwerako dzuwa lili pamutu. Ndisanatule n'komwe chidebe, Mai Givemore, anansi anga a kuseri kwa mpanda, anandikodola. Ndi mayi abwino, ndiwo amandiphikira ndikadwala, amapemphera kwa apositoli a zovala zoyera aja. Anandiuza monong'ona kuti kunabwera amuna awiri achilendo, wina atagwira kanthu kangati foni, nazungulirazungulira pa geti panga akuyang'ana kanthuko. Kenaka mmodzi anagwada pansi pa mpanda wa maluwa, nafukula dothi, naikapo chinthu, n'kuvundikira ndi njerwa. Atatero analemba m'kope n'kumapita akuseka.

Tinachotsa njerwayo ndi ndodo. Sofia, chimene tinaona ngakhale iwe ukanadumpha. Chinthu chokulunga m'pulasitiki yakuda, chomanga ndi ulusi wofiira mopingasa, chokwirira pakhomo pa mkazi wamasiye chaka chitangokwana. Kwathu kuja chinthu chotere timati n'chiyani? Mwendo unayamba kuwawa pomwepo ngati wamva dzina lake.

Mai Givemore anati chinthu chotere sachigwira ndi manja ndipo sachitsegula, chifukwa ukatsegula ndiye kuti wachilandira. Inenso ndimadziwa choncho kuyambira ndili mwana, sindingawanamizire kuti anandikakamiza. Iwo anawaza madzi a mchere, ine ndinachinyamula pa fosholo mpaka kudzala kuseri kwa nyumba. Parafini tinalibe, ndiye tinaunjikapo mapesi ndi chidutswa cha tayala. Pulasitiki itasungunuka ndinaona kuti m'kati muli chitini cha mabisiketi, chija cha makona anayi. Mtima wina unati tachitsegula uone. Sindinaumvere. Ndinawonjezera mapesi, ndipo ndinaima pomwepo ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi mpaka chitini chinafiira. Tsiku limenelo ndinadya bwino, ndikudziona ngati ndapambana nkhondo.

Loweruka ndinavala diresi langa labuluu lija unanditumizira, n'kupita kusukulu ku Unit C. Panali ana mwina makumi asanu, ena owonda momvetsa chisoni, ndipo onse ali ndi njala ya sukulu poti chaka chino aphunzitsi ambiri anawoloka malire. Panalinso makolo ndi aphunzitsi awiri opuma. Anandikhazika pampando kutsogolo. Chichokereni pa maliro sindinakhalepo pakati pa anthu ochuluka chotero, ndipo ndinasangalala, ndisaname.

Cyprian anaimirira n'kufotokoza masewera amene anakonza. Anati kunja kuli anthu amene amabisa zitini m'malo osiyanasiyana n'kulemba manambala a malowo, ndipo ena amazifunafuna ndi kachipangizo kotchedwa jipiesi, komwe iye amayezera malo kuntchito. Kali ngati foni, koma kali ndi muvi woloza kumene uyenera kupita, ndipo kamakuuza mapazi amene atsala. Dzina la masewerawo analitchula, koma landikanika lilime. Anati ukapeza chitini ulembe dzina lako m'kakope kali m'katimo, ukatengamo kanthu usiyemo kena, ndipo uchibwezere pomwe unachipeza. Iye ndi anzake anali atabisa zitini zisanu ndi chimodzi m'malo amene bakha uja anafikako m'mabuku.

Kenaka anatulutsa chitsanzo m'chikwama kuti ana adziwe chimene akufuna. Anati pulasitiki yakudayo ndi yoteteza ku mvula, ndipo ulusi wofiirawo ndi wokumbutsa mpango wa bakha. Ana anawomba m'manja. Ine ndinangoti maso pa ulusiwo, ndikukumbukira moto wa Lachinayi.

Ndikanatha kumuitanira pambali pomwepo, ndikudziwa. Koma ndinadzinyenga kuti mwina n'zongofanana, mwina changa chija chinalidi cha anthu ofuna nyumba aja. Ndinangonyamuka ndi gulu, ndodo m'manja.

Tinayenda, mwana wa mayi anga. Choyamba chinali kuseri kwa thanki yowuma pasukulu pomwepo. Chachiwiri m'mphako ya mtengo pafupi ndi pokwerera makombi. Chachitatu pa Makoni, pansi pa tebulo la mayi wina wogulitsa tomato, amene anati wakhala akuchilondera kuyambira Lachinayi ngati mwana wake, poti iyenso anaphunzira kuwerenga ndi bakha yemweyo. Waona? Wa tomato anamuuza, ine mwini khomo ayi. Pa chitini chilichonse mwana mmodzi ankawerenga tsamba la buku lonena za malowo, kenaka ankasinthana tinthu tam'katimo, mabatani, mabulo, zitsekerero za mabotolo. Mtsikana wina anatengamo batani nasiyamo maula awiri, ndipo ndinamuona akuwayang'ana kawiri asanatseke.

Ana ankathamanga, kukuwa, kulimbirana kugwira kachipangizo. Anthu amene anali pamzere wa buledi ankatembenuka, kudabwa kuti chaka chino kukadali ana oseka. Alamu ako akanakhalapo bwenzi akupukuta magalasi awo ndi malaya monga ankachitira akafuna kubisa misozi. Ine ndinkangowerenga zitini zotsala, ndipo ndinkaona kuti njira ikukhotera ku Unit D.

Titapeza chachisanu, Cyprian analetsa ana, nati chotsiriza apeze ndi Gogo. Anandipatsa kachipangizoko m'manja, nandionetsa muvi. Ndinayenda kutsogolo, gulu lonse pambuyo likuimba, muvi ukuloza msewu umene ndauyenda zaka pafupifupi makumi atatu. Mapazi otsala ankachepa, zana, makumi asanu, khumi. Mai Givemore anali pa mpanda wawo, ndipo atationa anagwira pakamwa n'kulowa m'nyumba. Kachipangizo kanalira pa geti panga.

Pamenepo ndi pamene Cyprian anauza anthu chimene chinali m'chitinimo. Anati sabata imene Sekuru anamwalira anamupatsa kope, namupempha kuti alitayipe ndipo asandiuze mpaka litatha, chifukwa linali mphatso yanga. Linali buku lotsiriza la bakha, lolembedwa m'Chichewa. M'menemo bakha uja atopa ndi Chitungwiza, akwera basi mpaka ku Ntcheu, n'kupeza kamtsikana kotchedwa Tereza ngati ine, kamene kamutsogolera kuchoka pakhomo pa mayi ake mpaka kumtsinje, ndipo kumeneko bakha asamba. Cyprian anati kutayipa kunamukanika, kuofesi magetsi kulibe ndipo Chichewa cholemba chimamuzunguza mutu. Ndiye anaganiza zondibwezera kope lenilenilo mwaulemu, pamaso pa ana, kuti ndiwawerengere ndine.

Cyprian anachotsa yekha njerwa ija, paja tinali titaibwezera pamalo pake. Anafukula ndi zala, nayang'ana anzake awiri aja anawatuma, iwo nalumbira kuti anaika pomwepo. Wina anati aba, ndipo makolo anayamba kutchula mayina a ana a eni ake a mumsewu wathu. Apo ndiye sindinathenso kukhala chete. Ndinawauza kuti palibe waba, anditsate kuseri.

Chitini chinali m'phulusa momwe ndinachisiya, chakuda, chopindika. Cyprian anachitsegula ndi mpeni. Chikuto chinali chitayoyoka, koma masamba analipo onse, osanjikana bwinobwino, akuda ngati makala. Ndipo pali chinthu chimene sindinkachidziwa, Sofia. Pensulo siipsa. Dzuwa litawomba pa tsamba lapamwamba mizere inanyezimira, ndipo ndinaona denga la nyumba, phiri kumbuyo kwake, ndi kamtsikana katasenza ndowa. Ndinatambasula dzanja kuti nditsegule tsamba lachiwiri. Nditangokhudza, zonse zinanyenyeka ngati fodya wouma.

Makolo anatenga ana awo mmodzimmodzi. Ndinkayembekeza kuti Cyprian andinyoze, ndipo zikanandipepukira, koma bambo wamkulu uja anagwada m'phulusa momwemo n'kumapepesa. Anati iye ndi mwana wa konkuno, anayenera kudziwa kuti pakhomo pa mkazi wamasiye sukwirirapo chinthu chakuda chomanga ndi chofiira osauza mwini khomo. Masewerawo anawatenga kwa anzake a kuntchito, naiwala kuti akuwabweretsa kwa anthu otani. Ine ndinati wolakwa ndine, paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tinalimbirana mlanduwo ngati ndi nyama, koma kulimbiranako sikunabweze tsamba ngakhale limodzi.

Papita milungu inayi tsopano. Cyprian anaikanso chitini china pansi pa mpanda, chokhala ndi kakope ka mayina ndi mabatani, nati masewera otere sathera tsiku limodzi. Ana amabwera awiriawiri, opanda ndi kachipangizo komwe poti malo akuwadziwa. Ine ndimawasuzumira pa katani. Ndimafuna nditatuluka ndiwapatse ngakhale madzi owiritsa, koma tsiku lina ndinamva wina akuuza mnzake m'Chishona kuti muno ndi mwa gogo aja anawotcha buku la Sekuru. Sananene mwachipongwe, ankangolongosola malo, monga mmene unganenere kuti apa ndi pachigayo. Chimvereni zimenezo, ndikaona ana pa geti ndimakhala pansi.

M'mawa wina kunja kulibe anthu ndinachitsegula chitini chatsopanocho. M'kakope muli mayina oposa makumi atatu, ndipo ena alembamo mawu kwa alamu ako ngati ali moyo, wina kuwauza kuti pampopi pawo pakadalibe madzi, bakha asabwere. Ndinaseka, kenaka ndinalira. Sindinatengemo kanthu, koma ndinasiyamo kachidutswa ka pensulo yawo. Dzina sindinalembe.

Mai Givemore nawonso akuchita manyazi, tikakumana kuchitsime timangopatsana moni wa pamwamba. Sindinawakwiyire, koma sindikudziwa poyambira. Ndiye nyumba imene inali zii kale, pano yafika poipa. Sekai ataimba foni anandifunsa mmene tsiku la bambo ake linayendera, ndinati linayenda bwino, ana anasangalala, ndipo mwamwayi netiweki inaduka. Iye ndi Nigel sindinawauze, nawenso usawauze.

Lamlungu lapitalo Cyprian anabwera ndi kope latsopano. Anati nkhani ya bukulo akuikumbuka mutu ndi mchira wake, za basi ndi za pamalire angathe kuzilemba ine n'kumukonzera Chichewa, ndipo mmodzi wa aphunzitsi opuma aja, amene ankathandiza alamu ako kupaka utoto, wavomera kujambula. Chimene sangathe ndi pakati pake, njira ya kumtsinje, poti munali mayina a mitengo ndi a malo amene iye sanawagwire. Koma anati zimenezo n'zosavuta, paja Sekuru anazitenga kwa ine, ndingozinenanso.

Ndinakhala bwino pampando, ndinamuuza kuti alembe. Kutuluka pakhomo pa mayi, nkhokwe kudzanja lamanja. Kenaka khola la mbuzi. Kenaka, Sofia, palibe. Ndinatseka maso ndikuyesa kuyenda, ndipo ndinkangopezeka ndili pamsewu wa ku Makoni. Pali mtengo waukulu pamene tinkatulira ndowa n'kupuma, koma sindikudziwa ngati unali mkuyu kapena mtondo. Sindikudziwa ngati manda tinkawasiya kumanzere popita kapena pobwera. Dzina la kamtsinjeko ndinalifuna mpaka thukuta, linandibwerera Lachiwiri ndikutsuka mbale, ndipo mpaka pano ndikukayika ngati ndi Chikungwa kapena ndalitola kwina. Ndinachoka kumudzi ndili ndi zaka 19, ndipo chibwerereni ku maliro a mayi mu 1994 sindinapondekonso. Zaka zonsezi ndinkati kwathu ndakusunga m'mutu, osadziwa kuti wondisungira anali munthu uja ndinkamukalipira chifukwa cha mafunso.

Cyprian anatseka kope mwaulemu, nati palibe changu. Koma changu chilipo. Mkazi wake ndi ana ali kale ku Botswana, iyenso akungodikira mapepala, akuti mwina Khirisimasi isanafike. Mphunzitsi wojambula uja ali ndi zaka 74, ndipo ndaona mmene kapu imagwederera m'manja mwake. Cyprian akachoka, wachoka munthu yekhayo amene analiwerenga bukulo.

Pempho langa ndi ili, ndipo ndi limodzi lokha. Sindikufuna ufa, sindikufuna mankhwala, ndiponso usayambe nyimbo yako ija yoti ndibwerere kumudzi, manda a alamu ako ali kuno. Ndikufuna utenge kope ndi pensulo, ukaime pamene panali khomo la mayi, uyende mpaka kumtsinje pang'onopang'ono ukulemba chilichonse. Mtengo uliwonse ndi dzina lake, pamene njira yakhotera, nyumba zinali za ayani, chulu chili pati, phiri likuoneka mbali iti, mwala wochapirapo umalekeza pati munthu ukaima pambali pake. Uwerengenso mapazi. Usanene kuti izi n'zachabechabe ndizisiye, zachabechabezo ndizo ndikuzifuna. Msana ukavuta upume panjira, koma usatume mwana. Ana aona za lero zokha, iwe uona ndi zakale zomwe.

A Morris adzadutsanso pa golosale ija pakatha milungu iwiri pobwerera kuno. Chonde adzapeze kalata yako ili pomwepo. Ndikukudziwa iwe ndi mawa wako uja.

Undiperekere moni kwa amuna ako a Edmund, uwauze kuti ndikuthokoza chifukwa chowaka manda a mayi ndi a bambo ndi simenti, ndinamva. Moni kwa ana ako onse ndi akazi awo, ndi kwa adzukulu, makamaka kamtsikana kaja munakapatsa dzina langa, kamene sindinakaonebe. Kwa azakhali ku Bawi, ngati makutu akumvabe, uwakuwire moni wanga. Kwa malume uwafikire wekha, uwagwire dzanja m'malo mwanga, ndipo uwafunse za mtengo wopumira uja, iwo mitengo saiwala.

Chinthu chimodzi chotsiriza. Ndikudziwa kuti zaka zapita zambiri. Mwina njirayo anthu analimapo, mwina mitengo inapita ku makala, mwina ndi kamtsinje komwe kanauma. Ngati zili choncho usandibisire, koma usazisakanize. Uyambe walemba njirayo monga inalili pamene iwe ndi ine tinkaiyenda, ine kutsogolo ndi ndowa, iwe pambuyo ukulira kuti ndikudikire. Za mmene ilili tsopano ulembe pa pepala lapadera, ulipinde, pamwamba pake ulembe kuti la lero. Ndidzalitsegula tsiku limene ndidzakhale ndi mphamvu.

Tsala bwino, Mulungu akusunge iwe ndi msana wakowo.

Ndine mkulu wako,
Tereza